Ubongo Ukakhala pa Ngozi: Zoyenera Kuchita Wodwala Asanafike ku Chipatala



Kuchokera pa boma la Kasungu kukafika ku Kamuzu Central Hospital ku Lilongwe pali mtunda wa makilomita pafupifupi 130 pa msewu wa M1. Kwa amene tili m'kati mwa minda ya fodya, ku Chulu, ku Simlemba, ku Wimbe kapena ku Chamama, ulendo umayambira kutali kuposa apo. Timayamba ndi ngolo kapena kabaza mpaka pa chipatala chaching'ono, kenako kudikira ambulansi ya ku chipatala cha boma, ndipo zikavuta kumeneko pamabwera ulendo wina wa ku Lilongwe. Pakati pa Januwale ndi Epulo, pomwe fodya akuthyoledwa ndipo malungo nawo afika pachimake, matope amawonjezerapo maola ena. M'maola onsewa wodwala amakhala m'manja mwa mkazi wake, mnzake wa kumunda, kapitawo wa pa esiteti, kapena amene adaima naye mzere umodzi mu mzikiti. Nkhani ino ndi ya maola amenewo.

Ubongo umalemera gawo limodzi lokha mwa magawo 50 a thupi lonse, koma umadya gawo limodzi mwa magawo 5 a okosijeni amene timapuma. Ulibe nkhokwe yosungiramo mpweya kapena shuga. Magazi akasiya kufikako, maselo ake amayamba kufa pakangotha mphindi 4 mpaka 6, ndipo ambiri mwa amene afa sabwereranso. N'chifukwa chake matenda a ubongo sadikira kuti kuche.

Zoyamba pa aliyense amene wagwa kapena wakomoka

Tisanadziwe n'komwe chimene chamugwetsa, pali zinthu zofanana kwa onse. Muitaneni dzina lake mokweza ndi kumugwedeza paphewa. Ngati sakuyankha, mutsineni pamwamba pa phewa kapena kanikizani pa chikhadabo. Onani kuti ali pati mwa zinayi izi: ali maso, akuyankha akaitanidwa, akusuntha pokhapokha akamva kuwawa, kapena sakuchita kanthu konse. Zimenezi muzisunge m'mutu, chifukwa adokotala adzafuna kudziwa ngati wodwalayo akutsika kapena akukwera.

Kenako yang'anani chifuwa kwa masekondi 10. Ngati akupuma, mugonekeni chammbali, bondo lapamwamba litapindidwa, mutu utapendekera pang'ono chakumbuyo, kamwa litayang'ana pansi. Kagonedwe kameneka kokha kapulumutsa anthu ambiri, chifukwa munthu wokomoka akagona chagada lilime limagwera kummero, ndipo masanzi amalowa m'mapapo. Kuliza mkonono mwamphamvu kwa munthu amene sakudzuka si tulo tabwino ayi, ndi chizindikiro chakuti njira ya mpweya ikutsekeka. Ngati sakupuma konse, kapena akungobanika apo ndi apo, mugonekeni chagada pamalo olimba ndipo mupsinje pakati pa chifuwa ndi manja awiri, kulowa masentimita 5 mpaka 6, maulendo 100 mpaka 120 pa mphindi, wina akuthamangira thandizo.

Lamulo limene timaliphwanya kwambiri ndi ili: munthu amene sali maso bwinobwino asapatsidwe chilichonse chomeza. Phala ayi, thobwa ayi, mankhwala azitsamba ayi, ngakhale madzi amene awerengeredwa Dua. Tikudziwa kuti timachita izi chifukwa cha chikondi, koma madziwo sapita m'mimba, amapita m'mapapo, ndipo pakatha masiku awiri kapena atatu wodwala amakhala ndi chibayo choonjezera pa matenda ake. Madzi a Dua mungamupukute nawo pamphumi.

Sitiroko

Matenda ofa ziwalo amabwera m'njira ziwiri. Mtsempha wopita ku ubongo umatsekeka ndi magazi oundana, kapena umaphulika n'kukhetsa magazi m'kati. Kunja zonsezi zimaoneka zofanana, ndipo chimene chimasiyanitsa ndi makina ojambula mutu a CT scan, amene kawirikawiri amapezeka m'zipatala zikuluzikulu zokha.

Chizindikiro chachikulu cha sitiroko ndi kudzidzimutsa kwake. Munthu amene amasoka fodya bwinobwino, singano yangomugwa m'manja. Mayi amene amalankhula, mawu angosokonekera ngati woledzera. Kuyesa kwake n'kosavuta. Muuzeni amwetulire, muone ngati kamwa lapotokera mbali imodzi. Muuzeni akweze manja onse awiri kutsogolo atatsinzina, muone ngati dzanja limodzi likugwa lokha. Muuzeni abwereze mawu ochepa, monga dzina la mudzi ndi la mfumu yake, mumve ngati lilime likulemera kapena akusowa mawu. Chimodzi chokha mwa zitatuzi chikapezeka, nyamukani. Zina ndi kusaona mwadzidzidzi, kudzandira, ndi mutu waukulu wobwera kamodzin'kamodzi umene munthu sadaumvepo chibadwire.

Dokotala wa ku America, Jeffrey Saver, adawerengera mu 2006 kuti pa sitiroko yotseka mtsempha waukulu, munthu amataya maselo a ubongo pafupifupi 1.9 miliyoni pa mphindi iliyonse. M'mayiko olemera muli jakisoni wosungunula magazi oundanawo, amene amaperekedwa pasanathe maola 4 ndi theka. Tinene chilungamo, m'zipatala zambiri za m'dziko muno jakisoni ameneyu sapezeka, ndipo alipo amene amafunsa kuti nanga tithamangirenji. Yankho lathu ndi lakuti choyamba, si zonse zooneka ngati sitiroko zimene zili sitiroko. Shuga wotsika, malungo ndi matenda oumitsa khosi amanamizira sitiroko, ndipo onsewa amachizika pa chipatala cha boma. Chachiwiri, ambiri amene amamwalira m'masabata oyamba samwalira ndi sitirokoyo mwachindunji, koma ndi chibayo chobwera potsamwa, kutha kwa madzi m'thupi ndi zilonda za pogona. Kuchipatala amayesa ngati akutha kumeza, amaika kachubu kodyera ngati n'kofunika, amayang'anira BP, ndipo amayamba msanga mafizo.

Pali zinthu ziwiri zimene anthu odziwako pang'ono amalakwitsa. Asipirini musapereke kunyumba, chifukwa ngati mtsempha waphulika, asipirini amawonjezera kukha kwa magazi. Musaperekenso mapiritsi owonjezera a BP pofuna kuitsitsa msanga, pakuti BP ikagwa mwadzidzidzi mbali ya ubongo imene imalandira magazi ochepa imaferatu.

Nthawi zina kamwa limapotoka, dzanja n'kulemera, koma pakatha mphindi 20 zonse n'kubwerera m'malo. Banja limati Alhamdulillah n'kubwerera kumunda. Kuthokoza n'koyenera, koma kubwerera kumunda ayi. Limenelo ndi chenjezo, ndipo ngozi ya sitiroko yaikulu imakhala pafupi kwambiri m'masiku awiri otsatira.

Gwero lalikulu la sitiroko kwathu kuno ndi kuthamanga kwa magazi. Kafukufuku wa unduna wa zaumoyo ndi WHO wa mu 2009 adapeza kuti munthu mmodzi mwa atatu aliwonse a zaka 25 mpaka 64 ku Malawi ali ndi BP yokwera, ndipo ochuluka sankadziwa. Mchere wambiri, shuga, mowa ndi fodya zimawonjezera, ndipo chingambwe chopichira tokha sichisiyana ndi ndudu ya m'sitolo pa nkhaniyi. Kafukufuku wa ku Blantyre wotsogozedwa ndi Laura Benjamin, wofalitsidwa mu 2016, adaonetsanso kuti HIV ndi chimodzi mwa zoyambitsa sitiroko kwa anthu achinyamata. Choncho tisati wa zaka 35 ndi wamng'ono kwa matendawa.

Khunyu ndi njirinjiri

Apa m'pamene mantha amatilakwitsa kwambiri. Munthu akagwa, thupi n'kuuma, n'kuyamba kugwedezeka, thovu lili m'kamwa, anthu ena amathawa, ena amamugwira mwamphamvu, wina n'kuthamangira supuni. Onsewa alakwitsa. Khunyu silipatsirana. Malovu, thovu, mkodzo kapena mpweya wa wodwalayo sizingakupatseni matendawa. Lilime silimezedwa, ndipo supuni kapena kamtengo zimangothyola mano ndi kutseka mpweya. Kumupanikiza miyendo ndi manja sikuletsa kugwedezeka, kumangogumula mfundo. Utsi wa sanza pamphuno, kuwotcha mapazi ndi kumuthira madzi ozizira zimangowonjezera mabala.

Chofunika ndi kuchotsa moto, makasu, mapoto ndi chilichonse chomuvulaza, kuika chitenje chopinda kunsi kwa mutu, kumasula kolala kapena mpango wothina pakhosi, ndi kuyang'ana nthawi pa foni. Kugwedezeka kukangotha, mugonekeni chammbali. Mufunditseni ngati wadzikodzera, ndipo balalitsani oonerera, chifukwa manyazi a podzuka ndi amene amachititsa ambiri kusiya sukulu, madrasa ndi Jumu'ah. Amadzuka wosokonezeka ndi wotopa kwa mphindi zingapo mpaka ola, ndipo zimenezo n'zachizolowezi.

Kugwa kwa khunyu kumatha kokha pa mphindi 1 mpaka 3. Kukapitirira mphindi 5, kapena kukabwereza munthu asanatsitsimuke, sikusiyanso kokha mosavuta ndipo ubongo umayamba kuwonongeka. Pamenepo pakufunika diazepam, amene zipatala zazing'ono zimapereka pa jakisoni kapena kumatako. Thamanganinso ngati ndi koyamba kugwa, ngati thupi likutentha, ngati ndi mayi woyembekezera, ngati ali ndi shuga, ngati wavulala mutu kapena wagwera m'madzi.

Ambiri a ife tikaona zotere timaganiza za majini kapena ufiti, ndipo woyamba kuitanidwa amakhala Sheikh kapena sing'anga. Sitikuletsa Ruqyah, koma Ruqyah imatheka m'galimoto, pa ngolo ndi pambali pa bedi la kuchipatala, pomwe diazepam sapezeka pakhonde la nyumba. Zonse ziyendere limodzi, wodwala ali pa ulendo. WHO imati anthu pafupifupi 50 miliyoni padziko lonse ali ndi khunyu, ndipo 7 mwa 10 aliwonse angathe kukhala osagwanso atamwa mankhwala moyenera. Phenobarbitone, carbamazepine ndi sodium valproate ndi ena mwa mankhwalawo. Chimene chimagwetsa kwambiri amene ali kale pa mankhwala ndi kudumphitsa mapiritsi ndi kusagona. Choncho munthu wa khunyu asapatsidwe ntchito yosonkhezera moto wa m'balani usiku, ndipo asapite yekha kukatunga madzi othirira nazale pa chitsime kapena pa damu. Mwezi wa Ramadhan usanafike akaonane ndi adokotala, kuti aone ngati nthawi yomwera mankhwala ingasinthidwe kukhala pa futari ndi pa daku, kapena ngati kusala sikumuyenera.

Pali chinthu china chimene Asilamu ambiri amadabwa nacho. Mbali yaikulu ya khunyu loyamba munthu atakula imabwera ndi mphutsi za njoka ya m'mimba ya nkhumba, zimene zimakakhazikika mu ubongo. Kafukufuku wa kuchigawo cha kum'mawa kwa Zambia, chimene tidachita nacho malire, adapeza zizindikiro za mphutsizi mwa oposa theka la odwala khunyu amene adayezedwa. Mwina mukuti ife sizikutikhudza poti sitidya nkhumba. Zikutikhudza ndithu. Mphutsi za mu ubongo sizichokera ku nyamayo mwachindunji, zimachokera ku mazira a njokayo amene amatuluka m'chimbudzi cha munthu amene ali nayo, n'kufika pa ndiwo zamasamba, m'madzi kapena m'manja a wophika. M'zaka za 1990 ndi 1991 matendawa adapezeka mwa Ayuda a ku New York amene sakhudza nkhumba, ndipo gwero lake adali antchito a m'nyumba. Chimbudzi ndi sopo ndi nkhani ya mudzi wonse.

Mwana wotentha thupi

Ana a miyezi 6 mpaka zaka 5 amatha kugwidwa njirinjiri chifukwa cha kutentha thupi kokha, ndipo ambiri amachira osatsala ndi vuto. Koma kunyumba palibe angasiyanitse zimenezi ndi malungo a mu ubongo, choncho mwana aliyense wotere apite kuchipatala tsiku lomwelo, ngakhale ndi usiku. Zizindikiro zoopsa ndi kukana kuyamwa kapena kumwa, kusanza chilichonse, kukomoka, kufooka mpaka kulephera kukhala tsonga, ndi tulo tosadzutsika.

Zambiri zimene dziko lapansi likudziwa za malungo a mu ubongo zidaphunziridwa kwathu konkuno, pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre. Kumeneko Malcolm Molyneux ndi Terrie Taylor adakonza m'zaka za m'ma 1980 muyeso wa kukomoka kwa ana, wa 0 mpaka 5, umene mpaka lero umatchedwa Blantyre Coma Scale. Umayang'ana ngati mwana akutsatira nkhope ya mayi ake ndi maso, ngati akulira moyenera, ndi mmene akuchitira akamva kuwawa, zinthu zimene mayi aliyense angathe kuziona. Mu 2015 Karl Seydel ndi anzake, atajambula ndi makina a MRI ana 168, adapeza kuti 84 mwa 100 aliwonse amene adamwalira adali ndi ubongo wotupa kwambiri, umene umapanikiza mbali yolamulira kupuma. Phunziro lake kwa ife apanjira n'lakuti diso likhale pa kapumidwe ka mwana, ndipo asaberekedwe kumbuyo atafunditsidwa mutu pomwe palibe akumuona nkhope. Ngakhale alandire chithandizo, ana 15 mpaka 20 mwa 100 odwala malungo a mtundu umenewu amamwalira, ndipo kuchedwa kumakweza chiwerengerocho.

Mwana amene sakumeza asakakamizidwe LA. Akufunika jakisoni wa artesunate. Pomwe chipatala chili kutali, WHO imalimbikitsa artesunate wolowetsa kumatako kwa ana osakwana zaka 6, ndipo ndi bwino kufunsiratu mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu ngati amasunga mankhwalawa. Amenewa ndi ongogulira nthawi. Mwana akaoneka kuti watsitsimuka, ulendo upitirire, chifukwa tizilombo sitinathe. Muvuleni zofunda zambiri ndi kumupukuta ndi madzi ofunda pang'ono, osati ozizira.

Matenda oumitsa khosi amayamba mofanana ndi malungo: kutentha thupi, mutu, kusanza. Chowonjezera ndi khosi louma moti chibwano sichifika pachifuwa, ndi kudana ndi kuwala. Kwa khanda khosi silimauma nthawi zonse, koma liwombo limatupa, ndipo mwana amalira mokuwa akanyamulidwa. Liwombo lotupa si lomata mankhwala. Matendawa amatha kupha pa tsiku limodzi, ndipo chothandiza ndi jakisoni wamphamvu monga ceftriaxone. Katemera wa Hib amene adayamba mu 2002 ndi wa chibayo amene adayamba mu 2011 adachepetsa matendawa kwa ana, koma sadawathetse. Kwa munthu wa HIV, makamaka amene adasiya ma ARV, mutu wosatha kwa sabata kapena awiri limodzi ndi kusintha khalidwe ndi chizindikiro cha mtundu wina wa matenda omwewa. Adokotala akapempha kutenga madzi a pamsana, tisakane. Mbiri yakuti singano imeneyi imapha idabwera chifukwa ambiri amafika nayo mochedwa matenda atakula kale. Madziwo ndi amene amauza adokotala mankhwala oyenera, ndipo pa mtundu wa HIV uja kuchotsako madzi kumachepetsanso mutu.

Za m'munda wa fodya

Chikonga cha m'masamba aawisi chimasungunuka m'madzi. Wothyola fodya mmamawa mame asanaume, kapena mvula itangogwa, atakumbatira masamba m'khwapa pa malaya onyowa, amayamwa chikongacho kudzera pakhungu. Pakatha maola ochepa, nthawi zambiri madzulo, amamva chizungulire, mutu, nseru, kusanza ndi kufooka. Lipoti la bungwe la Plan International la mu 2009, lokhudza ana ogwira ntchito m'minda ya fodya ku Malawi, lidati mwana angathe kuyamwa mamiligalamu 54 a chikonga pa tsiku, ofanana ndi ndudu 50. Thupi la mwana ndi laling'ono, ndipo m'munda wa fodya wonyowa si malo ake. Wodwala chotere avule zonyowa, asambe ndi sopo, apume pamthunzi ndi kumwa madzi kapena thanzi ORS ngati ali maso. Ambiri amachira pa tsiku limodzi mpaka atatu. Ngati kusanza sikukutha, kapena ndi mwana, apite kuchipatala.

Vuto ndi lakuti poyamba zimenezi zimafanana ndi poizoni wa mankhwala ophera tizilombo, amene ndi woopsa kwambiri. Mankhwala ambiri opopera m'nazale ndi m'munda, ena othira m'chimanga monga Actellic, komanso tameki amene ambiri amaphera makoswe, amasokoneza minyewa. Kusiyanitsa kwake n'kwakuti munthu wa poizoni amangotuluka madzi paliponse: malovu osaleka, misozi, thukuta, mamina, kutsekula m'mimba, ndi chifuwa cholira ngati muli madzi. Tiana ta m'maso timachepa ngati nsonga ya singano, minofu imanjenjemera, kenako amakomoka kapena kugwidwa njirinjiri. Chimene chimapha ndi kulephera kupuma.

Musamusanzitse, ndipo musamumwetse mkaka, mafuta ophikira, mazira aawisi kapena madzi a phulusa. Muvuleni zovala zonse zimene zakhudza mankhwala, inu mutavala majumbo m'manja, musambitseni ndi sopo ndi madzi ambiri, mugonekeni chammbali, ndipo tengani botolo kapena pepala la mankhwalawo. Mankhwala othetsa poizoni ameneyu alipo, ndi atropine, ndipo ndi otsika mtengo. Ngati wamwa dala, zimene timazimva kawirikawiri fodya akavuta ku okushoni ya ku Chinkhoma ndipo ngongole zakhala pakhosi, si nthawi yomudzudzula kapena yobisa chifukwa cha manyazi. Auzeni adokotala zoona, ndipo akachira asasiyidwe yekha. Mankhwala azitsekeredwa kunja kwa nyumba yogona, ndipo asatsanulidwe m'mabotolo a zakumwa.

Njoka nazo, monga mamba, zili ndi ululu wogwira minyewa. Zikope zikayamba kugwa, mawu kulemera ndi malovu kukanika kumezeka, kupuma kuli pafupi kuima. Osatema, osayamwa, osamanga chingwe chothina. Chiwalo cholumidwacho chisasunthe, ndipo anyamulidwe.

Kuvulala mutu

Nyengo ya malonda a fodya ikafika mu Epulo, kabaza amachuluka pamsewu, chipewa chodzitetezera chili pa hendulo m'malo mwa pamutu. Enanso amagwa popachika fodya m'chigafa kapena m'balani. Pa kuvulala mutu msampha waukulu ndi uwu: munthu amakomoka pang'ono, n'kudzuka, n'kumalankhula bwinobwino kwa ola limodzi kapena angapo, kwinaku mtsempha ukukha pansi pa chigaza. Kenako amagona osadzukanso. Aliyense amene wakomokapo, kapena akusanza mobwereza, akuwodzera, sakukumbukira ngoziyo, akutuluka magazi kapena madzi m'khutu ndi m'mphuno, kapena kamwana ka diso limodzi kakula kuposa kanzake, apite kuchipatala. Fungo la mowa lisatinamize kuti waledzera chabe, tim'siye agone. Kwa okalamba magazi amatha kusonkhana pang'onopang'ono, moti agogo amene adagwa mwezi wathawu n'kuyamba kusokonezeka lero angathe kuchira ndi opaleshoni yaying'ono.

Wovulala mutu timamutenga ngati wathyokanso khosi. Mmodzi agwire mutu ndi manja awiri kuti ukhale mzere umodzi ndi msana, ndipo anthu atatu kapena anayi amusunthire pamodzi pa chitseko kapena thabwa, zitenje zopinda zili mbali zonse za mutu. Kumukoka manja ndi miyendo n'kumuponya kumbuyo kwa galimoto kwapuwalitsa anthu amene ngoziyo idawasiya akuyenda. Akafuna kusanza, m'tembenuzeni thupi lonse pamodzi. Chipewa chisavulidwe pokhapokha ngati chikumulepheretsa kupuma. Bala likanikizidwe ndi nsalu yoyera, koma khutu lotuluka madzi lisatsekedwe. Kafukufuku wa CRASH-3 wa mu 2019, wa odwala oposa 12,000 m'mayiko 29, adaonetsa kuti jakisoni wa tranexamic acid amachepetsa imfa kwa ovulala mutu ambiri akaperekedwa pasanathe maola 3. Opaleshoni za ubongo zimachitika ku Lilongwe, komwe pa Kamuzu Central padatsegulidwa mu 2023 chipatala cha mafupa ndi ubongo cha LION, ndipo njira yopitira kumeneko imadzera pa chipatala cha boma.

Shuga wotsika, ndi mayi woyembekezera

Munthu wobaya insulin kapena womwa glibenclamide akayamba thukuta lozizira, kunjenjemera, ukali wosadziwika ndi kulankhula zosamveka, ganizani za shuga wotsika musanaganize china. Mu Ramadhan zimachitika kwambiri chakumadzulo dzuwa lisanalowe. Ngati akutha kumeza, amasule pompo ndi masupuni aang'ono 3 kapena 4 a shuga m'madzi, kapena theka la botolo la Fanta, n'kubwereza pakatha mphindi 15, kenako adye. Ngati pali kamakina koyezera, shuga wochepera 3.9 ndi womasulira, ngakhale patatsala mphindi 10 kuti adhana amveke. Ma Sheikh athu amaphunzitsa kuti wodwala ali ndi chilolezo, tsikulo adzabweza. Ngati wakomoka, mugonekeni chammbali n'kupaka shuga wonyowetsa kapena uchi pang'ono m'kati mwa tsaya, uku mukunyamuka.

Mayi amene mimba yake yadutsa masabata 20, kapena wangobereka kumene m'masabata 6 apitawa, akamva mutu waukulu, kuona zinthu zothwanima, kutupa nkhope ndi manja, kapena kuwawa kunsi kwa nthiti, BP yake yakwera ndipo njirinjiri ili pafupi. Asadikire tsiku la sikelo. Akagwa, agonekedwe kumanzere. Mankhwala ake ndi magnesium sulphate, amene amapezeka m'zipatala zobereketsa.

Ulendo wake

Munthu wokomoka akakhazikidwa pa kabaza pakati pa anthu awiri, mutu umagwera pachifuwa ndipo mpweya umatsekeka. Ngolo kapena galimoto momwe angagone chammbali n'zabwino kuposa, ngakhale zichedweko pang'ono. Ngati njinga ndi yokhayo ilipo, wakumbuyo agwire chibwano kuti chikhale chokwera ulendo wonse. Pitani pa chipatala chimene chili pafupi, kaya ndi Santhe, Kaluluma, Nkhamenya kapena St Andrew's ku Mtunthama, chifukwa shuga, diazepam ndi jakisoni woyamba wa malungo n'zofunika msanga kuposa chipatala chachikulu. Pofuna malangizo muli m'njira, mungaimbire Chipatala cha pa Foni. Makomiti a mizikiti angachite bwino kulemba pakhoma manambala a amene ali ndi galimoto kapena ngolo ndi a mlangizi wa zaumoyo, ndi kupatulako kandalama ka mafuta, chifukwa ola loyamba limathera kusaka zimenezi.

Tengani buku lake la kuchipatala ndi mapaketi onse a mankhwala amene amamwa, kuphatikizapo ma ARV ndi azitsamba. Amene adaona zikuchitika apite nawo, ngakhale ndi mwana wa sukulu, pakuti wachibale wamkulu amene sadalipo sangayankhe mafunso a adokotala. Ngati wina adajambula kugwako pa foni, kanemayo aonetsedwe kwa adokotala, osati m'magulu a WhatsApp. Funso limene adzakufunsani motsimikiza ndi lakuti, ndi liti pamene adaoneka ali bwino komaliza. Ngati palibe adayang'ana wotchi, nthawi za Swala zimathandiza. Kunena kuti adaswali nafe Fajr ali bwino, koma pofika 7 koloko tidam'peza kamwa litapotoka, kumawapatsa adokotala malire a maola awiri oti ayambirepo.